Zimene anthu a ku Mangochi adaloweza pamtima, ndi njira zimene zidadzera

Msonkhano wa boma kuno ku Mangochi, kaya uchitikire pa bwalo la sukulu ku Namwera kaya pa Boma penipeni, umayamba mofanana. Woyendetsa mwambo amati tonse tiyimirire tiyimbe nyimbo ya fuko, kenaka amapempha shehe kapena abusa kuti atsegule ndi pemphero. Akatsegula shehe, otseka amakhala abusa. Mukadzapezeka pa msonkhano wotere mudzayang'ane milomo ya anthu. Ana a sukulu amayimba mokweza, manja ali m'mbali. Aphunzitsi, apolisi ndi alangizi amayimba nawo. Koma cha kumbuyo, komwe kwayima agogo amene adzuka pa mphasa, milomo yambiri imangotsata chuni, mawu osatuluka. Pemphero likafika zinthu zimatembenuka. Shehe akangoti "Al-Fatiha", agogo omwe aja amatambasula manja n'kunena sura yoyamba ya Qur'an imeneyi yonse m'Chiarabu osaphonya liwu, pamene ena mwa amene amayimba mokweza aja angowerama kudikira.

Alendo ena akaona zimenezi amafulumira kuweruza kuti anthu a kuno ndi osaphunzira, kapena kuti sakonda dziko lawo. Mawu amenewa amandiwawa, chifukwa munthu amene amasunga pamtima mapemphero a m'chinenero chimene sayankhula kunyumba sangakanike ndime imodzi ya Chichewa. Chimene munthu adaloweza chimangosonyeza khomo limene adalowa ali mwana: kalasi ya ku tchalitchi, madrasa, kapena mzere wa asembule. Ndipo ku Mangochi makomo atatuwa sadatsekukire anthu onse pa nthawi imodzi.

Chikhristu chidafika msanga m'boma lino, koma chidachedwa kumera. Mu 1875 amishoni a ku Scotland, mmodzi mwa iwo Robert Laws, adafika ku Cape Maclear pa sitima ya Ilala n'kukhazikitsa mishoni ya Livingstonia. Malungo adawatha, ndipo mu 1881 adasamukira ku Bandawe, kusiya manda a anzawo amene alipo mpaka lero kufupi ndi mudzi wa Chembe. Pa zaka zonsezo adabatiza munthu mmodzi, Albert Namalambe. Kumapeto kwa 1889 ansembe Achikatolika a chipani cha White Fathers adafika kwa Mponda. Adatsegula kasukulu, adachiza odwala, koma mu 1891 adanyamuka kupita kumpoto kwa dziko limene lero ndi Zambia. Chaka chomwecho Harry Johnston adamanga linga limene lidapatsa malo ano dzina la Fort Johnston. Amene adakhazikika ndi Aangilikani a bungwe la amishoni la UMCA (Universities' Mission to Central Africa), omwe likulu lawo lidali ku Likoma. Iwowa adatsegula mishoni kwa Mponda ndi ku Malindi, ndipo sitima yawo ya Chauncy Maples, imene adailumikiza kuno n'kuyamba kuyenda mu 1901, inkazungulira midzi ya m'mbali mwa nyanja itanyamula ansembe ndi aphunzitsi.

Kaphunzitsidwe ka masiku amenewo ndiko kadachititsa kuti mapemphero akhazikike m'mitima. Mabuku adali ochepa, odziwa kuwerenga ochepetsetsa. Buku Lopatulika lathunthu lidatuluka mu 1922, ndipo ngakhale litatuluka si nyumba iliyonse idali nalo. Tsono mphunzitsi ankayima pansi pa mtengo kapena m'kachisi wa udzu, n'kunena mzere umodzi, gulu n'kubwereza; anenenso, abwerezenso, mpaka dzuwa kupendeka. Munthu sankabatizidwa asanathe kunena Atate Athu, Chikhulupiriro cha Atumwi ndi Malamulo Khumi, ndipo kwa Akatolika ankawonjezapo Tikuoneni Maria ndi mayankho a katekisma. Kalasi inkatenga zaka. Wolephera pa tsiku lofunsidwa ankabwezedwa kuti akayambirenso, ngakhale akhale wa imvi. N'chifukwa chake ku Malindi mungapeze gogo amene sadagwirepo cholembera koma mapemphero a m'mawa ndi a madzulo amawanena onse mwa ndondomeko, pamodzi ndi nyimbo zake.

Koma amishoni adapeza malo atakhalidwa kale. Ayao ankachita malonda ndi anthu a ku Kilwa ndi ku Zanzibar, ndipo cha m'ma 1870 mfumu Makanjira idalowa Chisilamu, mafumu ena monga Mponda ndi Jalasi n'kutsatira. Aphunzitsi ngati Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda, amene adakaphunzira ku gombe la nyanja ya mchere, adafalitsa chiphunzitso m'midzi ya kuno. Njira yawo idali yomweyo: mwalimu anene, ana abwereze, mawu alembedwe pa thabwa, afufutidwe pokhapokha atalowa m'mutu. Mwana wa ku madrasa amayamba ndi Al-Fatiha ndi masura aafupi a kumapeto kwa Qur'an, chifukwa popanda zimenezi sangaswali. Pa swala zisanu za tsiku limodzi munthu amanena Al-Fatiha kosachepera ka 17. Palibe nyimbo ya fuko pa dziko lapansi imene imabwerezedwa chotero.

Vuto lidali pa sukulu. Kwa zaka zambiri sukulu ya kuwerenga, kulemba ndi masamu idali m'manja mwa mishoni. Boma la atsamunda lidakhazikitsa nthambi yake ya maphunziro mu 1926 mokha, ndipo ngakhale apo linkangothandiza amishoniwo ndi ndalama. Kholo la Chisilamu linkadziwa kuti mwana akapita kusukulu akayamba tsiku ndi pemphero la Chikhristu, akaphunzira katekisma, mwina akabwerako ndi dzina lina. Mantha amenewa sadali opanda pake, zinkachitikadi. Ambiri adasankha kusunga ana awo pakhomo ndi ku madrasa. Ine sindingawadzudzule makolo amenewo. Adafunsidwa kusankha pakati pa chikhulupiriro chawo ndi tsogolo la ana awo, chinthu chimene kholo la ku Bandawe kapena ku Nkhoma silidafunsidwe mwa njira imeneyo. Mtengo wake boma lino likulipirabe.

Nyimbo ya fuko idabwera mochedwa kwambiri poyerekeza ndi mapemphero onsewa. Dziko likukonzekera ufulu wa pa 6 Julaye 1964, padachitika mpikisano, ndipo idapambana ndi nyimbo ya Michael Sauka, amene adapeka mawu ndi chuni chomwe. Ili ndi ndime zitatu, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Njira zake zofikira kwa anthu zidali ziwiri: wayilesi ya MBC ndi asembule ya kusukulu. Wayilesi imaphunzitsa chuni, koma mawu amafuna mphunzitsi woyima kutsogolo ndi kandodo, wobwezetsa mzere mpaka utakhala bwino. Amene sadayime pa mzere wa asembule adatsala ndi chuni chokha. Agogo aja a kumbuyo ndi amenewa.

Pali china chimene anthu a kuno sachitchula kawirikawiri. Nduna ya maphunziro pa nthawi ya ufulu idali mwana wa kuno, Henry Masauko Chipembere, phungu wa Fort Johnston, mwana wa wansembe wa Angilikani wa ku Malindi. Patangopita miyezi iwiri chiyimbireni nyimboyi koyamba ngati dziko lodziyimira palokha, nduna zidasemphana ndi Kamuzu Banda. Chipembere adabwerera kwawo, ndipo mu Febuluwale 1965 iye ndi omutsatira adalanda Boma la Fort Johnston usiku n'kuyamba ulendo wa ku Zomba, umene udathera pa doko la Liwonde. Zotsatira zake zidagwera anthu wamba. Midzi idasechedwa, anthu adamangidwa, ndipo patapita zaka anthu a m'mudzi wa Moto adatengedwa chigulu kukatsekeredwa. Mwana wa ku Malindi wa zaka zimenezo ankayima m'mawa kupempha Mulungu kuti adalitse mtsogoleri, bambo ake ali m'ndende. Kusayimba sikunkaloledwa. A Mboni za Yehova, amene chikhulupiriro chawo sichiwalola kuyimba nyimbo za fuko kapena kugula khadi la chipani, adaletsedwa mu 1967 ndipo adazunzidwa koopsa mpaka chiletso chidachotsedwa mu 1993. Choncho mbadwo umene umaidziwa bwino nyimboyi, ndime zonse zitatu, udaiphunzira mwa chikondi ndi mwa mantha pamodzi, ndipo tikamawayamikira tisaiwale mbali yachiwiriyo.

Onjezanipo nkhani ya chinenero. Kuyambira mu 1968 Chichewa chidakhala chinenero cha dziko pamodzi ndi Chingerezi. Mwana wa ku Katuli kapena kwa Makanjira amene adakula akuyankhula Chiyao chokha ankakumana ndi nyimboyi m'zinenero ziwiri zachilendo, kuwonjezera pa Chiarabu cha ku madrasa madzulo.

Zinthu zidasintha mu 1994, boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale. Ana adakhamukira m'makalasi, ochuluka mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo makolo ambiri a Chisilamu adalimba mtima poona kuti mtsogoleri wa dziko ndi Msilamu mnzawo wophunzira. Mabungwe a Chisilamu nawo adamanga sukulu zawo. Lero mwana wa sitandade 2 ku Chimwala amayimba ndime yoyamba bwinobwino, mpaka mzere wa njala, nthenda ndi nsanje, umene ana amaukonda kuukuwa.

Sukulu zambiri za m'boma lino ndi za mipingo mpaka pano. Dayosizi ya Katolika ya Mangochi, imene idakhazikitsidwa mu 1973 pansi pa Episkopi Alessandro Assolari, idamanga sukulu ndi zipatala m'madera amene Akhristu ndi ochepa, ndipo Aangilikani ali ndi St Michael's ku Malindi ndi sukulu zina. N'chifukwa chake kuno si zachilendo kukumana ndi bambo wovala kanzu amene amatha kunena Atate Athu kuyambira poyamba mpaka pa Amen. Sadasiye chipembedzo chake. Adangoyima pa asembule ya sukulu ya mishoni zaka zisanu ndi zitatu. Mkhristu wokulira pafupi ndi mzikiti nayenso amadziwa mawu a adhana oyitanira anthu ku swala, amadziwa poyankha pa sadaka. Kudziwana kotereku n'chuma chathu, ngakhale kudabwera m'njira yosalingana, popeza mmodzi adaphunzira mokakamizidwa ndi ndondomeko ya sukulu pamene mnzake adangotola ndi khutu.

Kusalinganako ndiko kumabutsa mikangano nthawi ndi nthawi. Mu 2000 boma lidafuna kuchotsa phunziro la Bible Knowledge ku sekondale n'kuikapo lophunzitsa zipembedzo zosiyanasiyana. Mipingo idakana kwamtuwagalu, ndipo mapeto ake maphunziro onse awiri adaloledwa. Mu 2010 kuno ku Mangochi kudabuka chipwirikiti pamene a bungwe logawa Mabaibulo la Gideons adagawa Chipangano Chatsopano m'sukulu zimene ana ambiri ndi Asilamu. Nkhani ya hijabu m'sukulu za mipingo idavuta m'chigawo chino mpaka mu 2021, pamene atsogoleri a mbali zonse adasayinirana mgwirizano kudzera ku bungwe la zipembedzo zosiyanasiyana la Public Affairs Committee. Pa mikangano yonseyi sindidamvepo Msilamu kapena Mkhristu wa mipingo ikuluikuluyi akudandaula za nyimbo ya fuko, chonsecho nayo ndi pemphero kuyambira mzere woyamba. Imatchula Mulungu basi, n'kupempha mtendere, chakudya, thanzi ndi mitima yolunzana. Shehe ndi wansembe amatha kuyimba atayima phewa ndi phewa, aliyense osaona kuti wagonjera mnzake.

Nanga mapemphero akale a Chikhristu ali pati lero? Kwa Akatolika ndi Aangilikani akadali amoyo, chifukwa amanenedwa Lamulungu lililonse, ndipo kwa Akatolika amanenedwanso ku makalasi a ana a Tilitonse, ku miphakati, pa kolona ya mwezi wa Meyi ndi Okutobala. Ku CCAP mwana sangalowe mu mpingo osadzera m'kalasi. Koma mipingo ya Chipentekoste, imene yachuluka m'matauni ngati Mangochi Boma ndi Monkey Bay, imalimbikitsa kupemphera zochokera mumtima, ndipo wachinyamata wokulira kumeneko akhoza kudziwa mavesi ambiri ndi makorasi osawerengeka koma Chikhulupiriro cha Atumwi osachimvapo. Kusiyanaku kumaonekera pa maliro. Usiku m'siwa, mayi wina wa Mvano akati tiyeni tinene pemphero limene Ambuye adatiphunzitsa, nyumba yonse imayamba pamodzi mwamphamvu. Pakati mawu amagawikana, awa akutsata Buku Lopatulika, awa akutsata mmene adaphunzirira ku katekisma, achinyamata ena angong'ung'udza akuyang'ana pansi. Akatolika amaima pa "mutipulumutse ife ku zoipa", anzawo akupitiriza za ufumu ndi mphamvu ndi ulemerero. Amene amanyamula pempherolo mpaka kumapeto ndi amayi aakulu, ambiri a iwo osadziwa kuwerenga.

Za nyimbo ya fuko, chimene chikutayika ndi ndime yachiwiri ndi yachitatu. Pa misonkhano, pa mpira, pa wayilesi timayimba yoyamba yokha, ndipo ana ambiri sadziwa n'komwe kuti pali zina. Enanso amasiya sukulu ali m'makalasi a m'munsi, kupita kukakoka chilimira ku Makawa kapena ku Msaka, kapena kukwera basi ya ku Joni, asanakumane nazo m'buku. Zimandimvetsa chisoni makamaka chifukwa cha ndime yachiwiri, imene imakamba za nyanja, mphepo ya m'mapiri, zigwa, nkhalango ndi madambo. Mwana woyima pa asembule ku Malindi ali ndi nyanja kutsogolo kwake ndi mapiri a ku Namwera kumbuyo. Ndime imeneyi ikunena za kwawo kuposa za kwina kulikonse. Ndikadakonda aphunzitsi aakulu a m'boma lino atamaiyimbitsa Lolemba lililonse, mzere ndi mzere, mwana wa ku madrasa ndi wa ku Sande sukulu akubwereza limodzi. Ana amenewa kuloweza adazolowera kale, ndipo mizere yake ndi 8 yokha.