Chiphaso choimikira galimoto pafupi ndi nyumba ku London: mafunso ndi mayankho

Munthu amene wazolowera kulowetsa galimoto kumpanda ku Area 25 kapena ku Chilomoni amadabwa akafika ku London. Nyumba zambiri zakale kuno n'zolumikizana khoma ndi khoma, zilibe bwalo, ndipo galimoto imagona pamsewu. Msewuwo ndi wa khonsolo, ndipo m'madera ambiri kuimikapo galimoto kumafuna chiphaso cholipira. Abale athu ambiri amadzadziwa zimenezi atapeza kale kachikwama kachikasu kapulasitiki ka kalata ya chindapusa katamatidwa pagalasi lakutsogolo. Mafunso awa ndi amene amabwerabwera pakati pathu.

Chiphasochi amapereka ndani?

Khonsolo ya dera limene mukukhala. London ili ndi makhonsolo 32, kuwonjezera pa City of London, ndipo iliyonse ili ndi malamulo ndi mitengo yakeyake. Mphamvu yochitira zimenezi amaitenga m'lamulo la 1984 lotchedwa Road Traffic Regulation Act. Khonsolo imagawa dera lake m'zigawo zotchedwa Controlled Parking Zone, mwachidule CPZ, ndipo chigawo chilichonse chili ndi chilembo kapena nambala yake. Chilembo chimenecho mudzachiona pa kachikwangwani koyera kamene kamaima pambali pa malo ojambulidwa ndi mizere yoyera, kolembedwa kuti "Resident permit holders only" ndi maola ake m'munsi.

Chiphaso chanu chimagwira ntchito m'chigawo chanu chokha. Ku Kensington and Chelsea n'kosiyanako chifukwa chiphaso chimodzi chimakwanira dera lonse la khonsoloyo, koma kwina konse musaganize choncho musanafunse. Misewu ikuluikulu ya mizere yofiira ili m'manja mwa Transport for London, bungwe loyang'anira za maulendo mu mzindawu, ndipo chiphaso cha khonsolo chilibe mphamvu kumeneko.

Ndikalipira, malo a kutsogolo kwa nyumba yanga akhala anga?

Ayi, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amakhumudwa. Chimene mwalipira ndi chilolezo choti muimike paliponse pamene pali danga m'chigawo chanu. Mukaweruka usiku n'kupeza wina waimika pakhomo panu penipeni, ngati nayenso ali ndi chiphaso cha chigawocho sanalakwe chilichonse. Mudzazungulira mpaka mutapeza malo, mwina msewu wachiwiri kapena wachitatu, n'kubwerera wapansi muli ndi majumbo m'manja. Makhonsolo amanena poyera kuti chiphaso sichikulonjezani malo, ndipo m'madera othinana ziphaso zimene zili ndi anthu zimatha kuchuluka kuposa malo amene alipo.

Ena amaika bini ya zinyalala pamsewu kuti asungire malo. Musachite zimenezo. Khonsolo siilola, komanso mudzangodana ndi aneba amene mawa akanakugogoderani kudzakuuzani kuti mwaiwala kuzimitsa magetsi a galimoto.

Nanga phindu lake lili pati? Kumbukirani kuti popanda dongosololi, misewu yoyandikana ndi masiteshoni a sitima ikanamadzaza m'mawa ndi galimoto za anthu ochokera kutali amene amaimika n'kukwera sitima kupita kuntchito. Mwini dera akanamasowa poima tsiku lonse. Ine ndimaona kuti chiphasochi n'chothandiza, ngakhale mtengo wake umapweteka banja limene likuyamba kumene.

Pofunsira amafuna chiyani?

Zinthu ziwiri: umboni woti mumakhaladi pa adiresi imeneyo, ndi umboni woti galimoto ndi yanu. Pa choyamba amalandira kalata ya msonkho wa khonsolo, pangano la lendi, kapena bilu ya magetsi, gasi kapena madzi yokhala ndi dzina lanu. Pa chachiwiri amafuna bulubuku ya kuno, imene amaitchula V5C, yochokera ku DVLA, ofesi yolembetsa galimoto ndi malaisensi imene ili ku Swansea, ndipo kawirikawiri pepala la inshulansi. Dzina ndi adiresi pa mapepala onsewa zifanane.

Apa ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene ife timagwa kwambiri. Munthu amafikira kwa achimwene ku Croydon, n'kugula galimoto, n'kuilembetsa pa adiresi ya achimwenewo. Pakapita miyezi wapeza chipinda chake ku Enfield, wasamuka, koma V5C ikadali ndi adiresi yakale. Khonsolo yatsopano ikhoza kumukaniza chiphaso. Choopsa kuposa pamenepo n'chakuti makalata onse a chindapusa amapita ku adiresi imene ili ku DVLA. Achimwene amangowaunjika pafiriji poganiza kuti ndi otsatsa malonda, ngongole ikukula, mwini wake osadziwa. Kusintha adiresi pa V5C n'kwaulere ndipo kumatheka pa intaneti, pamene kusasintha kukhoza kukulipitsani mpaka £1,000. Laisensi yoyendetsera ili payokha: kusintha adiresi pa laisensi sikusintha ya pa V5C.

Ngati mukukhala m'nyumba yogawana ndi ena ndipo mabilu ali m'dzina la landilodi, pemphani pangano la lendi lolembedwa. Ngati galimoto ndi ya kuntchito, abwana alembe kalata yotsimikiza kuti mumaisunga ndinu. Makhonsolo ambiri amapereka chiphaso chongoyembekezera kwa amene wangosamukira kumene mapepala asanakonzeke.

Masiku ano ziphaso zambiri si zomata pagalasi. Zimangolembedwa m'kompyuta pa nambala ya galimoto, ndipo woyendera misewu amaona pa kamakina kake ka m'manja. Choncho polemba nambalayo samalani pakati pa 0 ndi O. Mukaphonya chilembo chimodzi, m'kompyutamo galimoto yanu ilibe chiphaso.

Mtengo wake ndi wotani?

Umadalira khonsolo ndi galimoto, kuyambira mapaundi makumi angapo mpaka mazana angapo pachaka. Makhonsolo ambiri amawerengera potengera utsi umene galimoto imatulutsa, malinga ndi nambala ya CO2 yolembedwa pa V5C. Ena monga Islington, Camden ndi Hackney amawonjezera ndalama pa galimoto za dizilo, ndipo m'madera ambiri galimoto yachiwiri ya pakhomo limodzi imalipira zokwera. Musanagule galimoto yadizilo yakale chifukwa chotchipa, onani kaye mtengo wa chiphaso chake. Onaninso za ULEZ, ndondomeko yolipiritsa galimoto zotulutsa utsi wambiri, imene kuyambira pa 29 August 2023 inafalikira m'makhonsolo onse a London: galimoto yosakwaniritsa muyezo wa utsi imalipira £12.50 tsiku lililonse limene yayenda, ndipo chiphaso choimikira sichikhudzana nazo.

Andikaniza chiphaso, akuti nyumba yathu ndi "car-free". Zikutanthauzanji?

Nyumba zambiri zosanja zatsopano zinaloledwa kumangidwa pa pangano loti okhalamo sadzapatsidwa ziphaso zoimikira pamsewu. Panganolo lili pa nyumbayo, osati pa munthu, ndiye aliyense wolowamo limamugwira. Amene kawirikawiri amapatulidwa ndi aulumali okhala ndi Blue Badge, chiphaso chawo chapadera choimikira galimoto. Kudandaula mutalowa kale sikuthandiza. Ngati ntchito yanu imadalira galimoto, monga alongo athu oyendera odwala ndi okalamba m'makomo, funsani landilodi kapena ejenti musanasaine, kenako lembani adiresiyo pa tsamba la khonsolo muone nokha ngati ikuloledwa.

Usiku ndi Lamlungu ndingaimike popanda chiphaso?

Werengani chikwangwani cha malo amene mwaimawo, chifukwa maola amasiyana. Kwina ndi Lolemba mpaka Lachisanu masana okha, kwina ola limodzi kapena awiri pofuna kungothamangitsa okwera sitima, kwina mpaka usiku ndi Loweruka lomwe. Mzere umodzi wachikasu wopanda chikwangwani chake umatsatira maola olembedwa pa chikwangwani chachikulu cholowera m'chigawo. Mizere iwiri yachikasu imaletsa nthawi zonse. Pafupi ndi mabwalo a mpira monga Emirates, Wembley ndi la Tottenham pali maola owonjezera tsiku la masewero kapena zoimbaimba, ngakhale likhale Lamlungu. Ndipo kukweza matayala pamene pamayenda anthu apansi n'koletsedwa mu London kuyambira ndi lamulo la 1974, kupatula pamene pali zikwangwani zololeza.

Nanga alendo?

Mumawagulira ndinu ziphaso za alendo, za maola kapena za tsiku lonse. Kwina ndi timakadi tokanda tsiku ndi nthawi, kwina mumalembetsa nambala ya galimoto ya mlendo pa foni. Khomo lililonse limakhala ndi malire ake. Kukakhala chinkhoswe kapena mapemphero a maliro pakhomo, sankhani munthu mmodzi woyang'anira za galimoto alendo asanayambe kufika, chifukwa pa chisoni palibe amene amakumbukira zikwangwani. Osamalira odwala afunse za chiphaso cha ntchito yawo, chimene makhonsolo ambiri ali nacho.

Ndili ndi chiphaso, koma andilemba chindapusa pamalo amene ndimaima masiku onse. Zatheka bwanji?

Mwina chiphaso chinatha osadziwa. Mwinanso malowo anatsekedwa kwa kanthawi chifukwa cha okonza msewu, osamutsa katundu kapena ojambula kanema. Amamangirira chikwangwani chachikasu pa mtengo wa chikwangwani chakale chosonyeza masiku ake, ndipo pa masikuwo chiphaso sichikutetezani. Galimoto akhoza kuinyamula. Mukaisowa, funsani ku TRACE, kumene amasunga mndandanda wa galimoto zonyamulidwa mu London. Ngati mukupita kumudzi kwa mwezi, siyirani makiyi munthu wokhulupirika wololedwa kuyendetsa galimotoyo, kuti aziisuzumira.

Chindapusa chikabwera nditani?

Tsegulani kalatayo tsiku lomwelo. Chindapusa cha khonsolo chimatchedwa Penalty Charge Notice. Si mlandu wa kupolisi ndipo sichiika mapointi pa laisensi, koma chimakula mukachinyalanyaza. Kuyambira mu April 2025 chimafika £160 m'madera ena a London, pamene m'mizinda ina ya England sichipitirira £70 poyambira. Mukalipira m'masiku 14 mumalipira theka.

Ngati mukuona kuti sanakulembeni mwachilungamo, musalipire kaye, chifukwa kulipira kumatseka nkhani. Jambulani chikwangwani, mizere ndi galimoto pamene yaima, n'kulembera khonsolo. Mukadandaula m'masiku 14 oyambirira n'kukanidwa, kawirikawiri amakupatsaninso mwayi wolipira theka. Mukafuna kupitiriza, dikirani kalata imene khonsolo imatumiza kwa mwini galimoto, yotchedwa Notice to Owner, ndipo muli ndi masiku 28 oyankha. Akakananso, chitani apilo kwaulere ku London Tribunals, kumene oweruza si a khonsolo. Kunja kwa London, mu England ndi Wales, ndi ku Traffic Penalty Tribunal. Mukangokhala chete, ndalamayo imakwera ndi theka, imalembedwa ngati ngongole kukhothi, ndipo pamapeto pake olanda katundu amafika ndi mitengo yawo pamwamba.

Chiphaso cha khonsolo chimagwira pabwalo la mafulati athu?

Kawirikawiri ayi. Bwalo lotere limakhala ndi chiphaso chake chochokera kwa eni nyumbazo, ndipo nthawi zambiri amayang'anira ndi makampani apadera. Pepala lawo limatchedwa Parking Charge Notice, zilembo zoyambira zofanana ndi za khonsolo, koma njira yodandaulira ndi ina: mumayamba ku kampaniyo, kenako ku POPLA kapena IAS, amene amamva maapilo a zindapusa za makampaniwa, malinga ndi bungwe limene kampaniyo ilimo.

Ndikasintha galimoto kapena kusamuka?

Uzani khonsolo musanaimike galimoto yatsopanoyo pamsewu, ngakhale ikhale yobwereka ku galaji kwa masiku atatu, kuti asinthe nambala pa chiphaso. Mukasamukira chigawo china, chiphaso chakale chimaleka kugwira ntchito. Chibwezeni, ndipo funsani za ndalama ya miyezi yotsala, chifukwa makhonsolo ambiri amabweza atachotsapo kangachepe ka ntchito yawo.