Chipatala cha m'chipululu chotchedwa dzina la mkazi wa pulezidenti

Ku Rancho Mirage, tauni ya m'chipululu kum'mwera kwa California, kuli chipatala chimene dzina lake linalowa m'kamwa mwa anthu a ku America. Akangoti uje wapita ku Betty Ford, palibe wofunsanso kuti wadwala chiyani: aliyense amadziwa kuti ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo. Sikuti dzinalo anangoliikapo pofuna kulemekeza munthu wamkulu. Mwini dzina, Betty Ford, mkazi wa pulezidenti wakale wa dzikolo Gerald Ford, anayamba wagonapo yekha pabedi la odwala matenda omwewo.

Mayi Ford anabadwa mu 1918 ku Chicago, dzina lawo lili Elizabeth Bloomer, ndipo anakulira ku Grand Rapids m'chigawo cha Michigan. Ali mtsikana mtima wawo unali pa kuvina, moti anakafika ku New York kukaphunzira kwa katswiri Martha Graham. Bambo awo anamwalira iwo ali ndi zaka 16, ndipo mpamene anamva kuti malemuwo mowa unkawavuta. Banja lawo loyamba linatha mu 1947. Chaka chotsatira anakwatiwa ndi loya wina, Gerald Ford, yemwe nthawiyo anali pakalikiliki wa kampeni yofuna uphungu. Ukwatiwo anauchedwetsa mpaka Okutobala, poopa kuti ovota angachite nawo mphwayi akamva kuti mkwatibwi ndi wovina, woti banja linamukanikapo kale.

Vuto linayamba mwakachetechete. Amuna awo atakula pa ndale ankakhala masiku ambiri ali paulendo, iwo n'kutsala ndi ana anayi pakhomo. Mu 1964 mtsempha wa m'khosi unapanikizika, ululu wake wosagona nawo tulo. Madokotala anawalembera mapilisi opha ululu, pambuyo pake ena owakhazika mtima pansi, ena owagonetsa. Madzulo n'kuwonjezerapo tambula ya mowa. Apa mpamene pali msampha: mapilisi ochokera kwa dokotala munthu sawaona ngati chizolowezi choipa, amati ndikumwa mankhwala. Zinapitirira chonchi zaka zoposa khumi.

Ku White House, nyumba ya pulezidenti wa dziko la America, anakalowako mosayembekezera. Spiro Agnew atatula pansi udindo wa wachiwiri kwa pulezidenti mu 1973, a Ford ndiwo anasankhidwa kulowa m'malo mwake. Pa 9 Ogasiti 1974 pulezidenti Richard Nixon nayenso anatula pansi udindo chifukwa cha mlandu wa ukazitape wa pa ndale wotchedwa Watergate, a Ford n'kukhala pulezidenti popanda kuvoteredwa. Pasanathe miyezi iwiri, Mayi Ford anawapeza ndi khansa ya m'mawere, ndipo pa 28 Seputembala anawachotsa bere. Masiku amenewo matendawa ankangowanong'ona. Iwo analola kuti dziko lonse limve, ndipo amayi ambirimbiri anathamangira kuzipatala kukayezetsa. Mmodzi mwa omwe anapezeka nayo masabata otsatira anali Happy Rockefeller, mkazi wa Nelson Rockefeller, yemwe a Ford anam'sankha kukhala wachiwiri wawo.

Kuyambira pamenepo sanapsatirenso mawu. Panali ganizo losintha malamulo oyendetsera dziko, lotchedwa Equal Rights Amendment, loti munthu asasalidwe chifukwa choti ndi mkazi kapena mwamuna. Nyumba ya malamulo inalivomereza mu 1972, koma linkafunika kuvomerezedwanso ndi zigawo 38 mwa 50. Mayi Ford ankatenga foni n'kumaimbira okha aphungu a m'zigawo kuwanyengerera, pamene Phyllis Schlafly, mayi wa chipani chawo chomwe cha Republican, ankatsogolera otsutsa. Ganizolo linaima pa zigawo 35 mpaka nthawi yake inatha mu 1982.

Mu Ogasiti 1975 anaonekera pa pulogalamu ya pa TV ya 60 Minutes. Mtolankhani Morley Safer anawafunsa zimene akanachita mwana wawo Susan, wa zaka 18, akanawauza kuti ali ndi chibwenzi chogona nacho. Anayankha kuti sakanadabwa. Anayamikiranso chigamulo cha khoti lalikulu chololeza kuchotsa mimba, n'kulankhula za chamba mosachita mantha. Makalata aukali anakhuthukira ku White House, atsogoleri ena a mipingo anawadzudzula, koma anthu wamba ambiri anawakonda nazo. Pa chisankho cha 1976 ena ankavala mabaji opempha kuti avotere mwamuna wa Betty. A Ford atagonja kwa Jimmy Carter mawu anali atawathera chifukwa cha kampeni, ndiye uthenga wovomera kugonja anawerenga ndi akazi awo. Tsiku lomaliza asanasamuke, mayiwa anavula nsapato n'kukwera pa tebulo lomwe nduna zimakhalira zokambirana, n'kuima ngati akuvina. Chithunzi chake chilipo.

Chodabwitsa n'chakuti munthu womasuka chonchiyu chinthu chimodzi ankachibisa, ngakhale kwa iye mwini. Atasamukira ku Rancho Mirage, ntchito kulibe, amuna awo ali paulendo monga kale, mapilisi ndi mowa zinakula mphamvu. Lilime linayamba kulemera polankhula, zomwe auzidwa n'kumaziiwala. Pa 1 Epulo 1978 banja lonse linasonkhana pabalaza pamodzi ndi madokotala, pa khama la Susan. Aliyense ananena zimene anaona ndi maso ake: tsiku lomwe anawapeza atagwa, nthawi imene ana ankachita manyazi kubwera ndi anzawo kunyumba. Mayi Ford analira, anakwiya, koma anavomera.

Atangokwanitsa zaka 60 anagonekedwa pa chipatala cha asilikali a pamadzi ku Long Beach. Ankayembekezera chipinda chaokha, koma anawapatsa chogona ndi amayi ena, ndipo pa zokambirana ankakhala bwalo limodzi ndi asilikali wamba, kuitanana maina oyamba. Poyamba anangovomera za mapilisi, popeza amenewo mlandu unali wa madokotala. Panatenga masiku kuti anene kuti mowanso unawagwira, ndipo atanena anauzanso atolankhani.

Neba wawo Leonard Firestone, wa banja la eni kampani ya matayala ya Firestone, nayenso anali atalimbana ndi uchidakwa. Awiriwa anasonkhetsa ndalama, ndipo mu Okutobala 1982 Betty Ford Center inatsegulidwa pa malo a Eisenhower Medical Center. Zomwe mayiwa anaona ku Long Beach anapita nazo kumeneko: odwala kugona awiriawiri, kudziyalira okha bedi, kugwira ntchito zapakhomo, kaya ndi wotchuka bwanji. Katswiri wa mafilimu Elizabeth Taylor atagonekedwako mu 1983 anatsatira malamulo omwewo. Mayi Ford analimbikiranso kuti amayi azikhala ndi malo awoawo, podziwa kuti mkazi womwa amanyozedwa kuposa mwamuna, ndiye amachedwa kupempha thandizo. Ankabwera kudzalankhula ndi odwala, n'kuyamba ndi kudzitchula dzina ndi kunena kuti nawonso ndi chidakwa.

Anakhala wapampando wa chipatalachi mpaka 2005, pomwe anasiyira Susan yemwe uja. Anamwalira pa 8 Julaye 2011 ali ndi zaka 93, ndipo anaikidwa pafupi ndi amuna awo ku Grand Rapids. Mu 2014 chipatalachi chinaphatikizana ndi bungwe la Hazelden la ku Minnesota, lomwenso limathandiza odwala matenda omwewa, ndipo tsopano zonse zimayenda pansi pa dzina la Hazelden Betty Ford Foundation.