Ulusi Umene Amaupota Kuchokera mu Utsi

Mwaye umene umakakamira m'mapaipi pamene alimi kuno ku Kasungu akuchiza fodya ndi nkhuni ndi kaboni, ndipo amangoupala n'kuutaya. Koma kaboni yemweyo akasanjika bwino amapanga timachubu tating'ono kwambiri totchedwa carbon nanotubes, tolimba kuposa chitsulo, topepuka, tomwe magetsi amadutsamo bwino. Kuti tifanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi, pangafunike timachubu masauzande ambirimbiri.

Mabuku ambiri amati anatitulukira ndi Sumio Iijima wa kampani ya NEC ku Japan mu 1991. Ine apa ndimaona kuti ena anamanidwa ulemu wawo. Mu 1952, Radushkevich ndi Lukyanovich a ku Soviet Union anasindikiza zithunzi za timachubu ta kaboni, koma analemba m'Chirasha nthawi ya udani wa mayiko akum'mawa ndi akumadzulo, ndiye ochepa okha ndiwo anawerenga. Mu 1976, Morinobu Endo ndi anzake anaona ulusi wa kaboni wamphako ukumera kuchokera ku mpweya wotenthetsedwa. Iijima sanabe kanthu, anafotokozadi kapangidwe kake momveka mpaka dziko linatchera khutu. Koma njira imene mafakitale akudalira lero, ya chemical vapour deposition, yomeretsa timachubu kuchokera ku mpweya wotenthetsedwa, yagona pa ntchito ya Endo.

Vuto linali loti kachubu kamodzi n'kakafupi zedi. Ukataunjika umangopeza ufa wakuda, ndipo ufa sungaluke nawo chingwe.

Chinthu chinasintha mu 2004 ku yunivesite ya Cambridge, m'gulu la Alan Windle. Iwo anapopera ethanol wosakaniza ndi mankhwala awiri, ferrocene wokhala ndi chitsulo ndi thiophene wokhala ndi salufa, m'ng'anjo yotentha kupitirira madigiri 1,000, mpweya wa haidrojeni ukukankha zonsezo. Ferrocene akasweka amasiya timadontho ta chitsulo toyandama, salufa wa mu thiophene amathandiza kuti kaboni ayambe kumera pa timadonthoto, ndipo timachubu timakula tili m'lere n'kumakolana. Kumapeto kwa ng'anjo kumatuluka utsi wakuda wogwirana, woti ukaukola ndi kamtengo kachitsulo umakokeka osaduka. Amaukulunga pa chozungulira monga ankapotera thonje agogo athu, ng'anjo ili chiyakire.

Ena anadzera kwina. Ku Rice University ku America, Matteo Pasquali ndi anzake mu 2013 anasungunula timachubu mu asidi wamphamvu n'kutifinyira m'timabowo kuti tituluke ngati ulusi. Kampani ya Nanocomp, yomwe Huntsman anaigula mu 2018, inapanga nsalu za timachubu zomwe zinaikidwa pa chombo cha Juno chopita ku Jupiter.

Nanga bwanji mawaya athu a magetsi akadali a kopa ndi aluminiyamu? Ulusi ulibe mphamvu zonse za kachubu kamodzi, chifukwa timachubu timatereresana tikakokedwa. Kaboni wambiri wolowa m'ng'anjo amatuluka osasanduka timachubu. Ukawonjezera mankhwala kuti upange wambiri, timadontho ta chitsulo timaphatikana, timakula, n'kuleka kumeretsa kanthu. Pamenepo ndi pamene akatswiri akhala akulimbana zaka zonsezi.

Achinyamata a kuno omwe amva za graphite wa ku Kasiya, kaboni wokumbidwa pansi, adziwe kuti ulusi umenewu sufuna mgodi. Umachokera ku mpweya ngati methane kapena ku ethanol, amene ku Dwangwa amamupanga kale kuchokera ku zotsalira za nzimbe.