Kuvotera chipani chimodzi sikutanthauza kugwirizana pa thandizo la boma

Kwa nthawi yaitali anthu akhala akukhulupirira kuti anthu akuda a ku America amagwirizana pa nkhani ya thandizo la boma kwa osauka, poona kuti ambiri mwa iwo amavotera chipani cha Democratic. Zimenezi si zoona, pakuti mkangano pakati pawo ndi wakale ndiponso waukulu.

Katswiri wa zachuma Thomas Sowell, yemwe ndi wakuda, wakhala akunena kuti kukula kwa thandizoli m'zaka za m'ma 1960 kunafooketsa mabanja, chifukwa m'zigawo zambiri ndalama za ndondomeko ya boma yothandiza mabanja osauka okhala ndi ana, yotchedwa AFDC, zinkapita kwa mayi wolera ana yekha, moti bambo wamphamvu zake akapezeka pakhomo, banjalo linkatha kumanidwa ndalamazo. William Julius Wilson, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, wakudanso, analoza kwina. Iye anati mafakitale atatsekedwa m'mizinda monga Chicago, amuna anasowa ntchito, ndipo mwamuna wopanda ntchito sathamangira kukwatira. Mfundo ya Wilson imaoneka yolimba kwambiri, ngakhale kuti ya Sowell siyoyenera kungoitaya.

Za mavoti zili ndi mbiri yakeyake. Anthu akuda ambiri anali ku Republican, chipani cha pulezidenti Abraham Lincoln, yemwe anamasula akapolo, mpaka nthawi ya pulezidenti Franklin Roosevelt wa Democratic, ndipo ochuluka mwa otsalawo anachifulatira mu 1964 pamene Barry Goldwater, yemwe ankaimira Republican pa chisankho cha pulezidenti, anatsutsa lamulo lothetsa tsankho limene pulezidenti Lyndon Johnson wa Democratic anasainira. Komanso amene anasainira lamulo lothetsa AFDC mu 1996 anali pulezidenti Bill Clinton, wa Democratic yemweyo.