Chibenthu cha buledi chomwe chinasanduka chiphuphu

Ntchito yanga ndi yomasulira zolembedwa za Chingerezi kuti zimveke m'Chichewa, ndipo pali mawu ena amene dzanja limangolemba lokha. Ndikaona "bribe" ndimalemba kuti chiphuphu, nkhani yatha. Koma nthawi ina ndikumasulira kabuku kophunzitsa ogwira ntchito kupewa katangale, ndinapeza mawu ambirimbiri osiyana m'masamba ochepa chabe, onse akuloza chinthu chimodzimodzi. Ndinayamba kulondola komwe lililonse linachokera, ndipo lomwe linandigwira mtima kwambiri ndi lija ndinkaliyesa lophweka.

Liwu lakuti "bribe" Angerezi analitenga ku Chifalansa, monga anatengera mawu ena ambiri Anormani, anthu ochokera kumpoto kwa France, atagonjetsa England mu 1066. M'Chifalansa chakale linkatanthauza chibenthu cha buledi, chija munthu amabenthulira wopemphapempha pakhomo. Mpaka lero Mfalansa akanena "bribes" amatanthauza tizidutswa, monga tizidutswa ta nkhani timene wamva podutsa pamene anthu akucheza. Chiphuphu iye amachitchula kuti "pot-de-vin", mtsuko wa vinyo.

Pofika m'zaka za m'ma 1300 liwuli linali litada kale ku England. "Bribe" chinali chinthu chobedwa, ndipo "briber" anali wakuba kapena woyendayenda wopanda kwawo. Sizovuta kuona momwe zinayendera: anthu okhuta akaona wopempha buledi, mtima wawo unkathamangira kumuyesa mbava. Kuchoka apo, liwulo linakwera kuchokera kwa mbava ya m'msewu kukafika kwa mbava ya mu ofesi, munthu waudindo wolanda anthu moopseza.

Geoffrey Chaucer, mlakatuli amene anamwalira mu 1400, anatisiyira chithunzi chooneka bwino m'buku lake lotchedwa The Canterbury Tales. Muli nthano ya mthenga wa khoti la mpingo, amene ntchito yake inali kuperekera anthu zisamani. Mthengayu akupita kwa mayi wamasiye wokalamba atamupekera mlandu wabodza, ndipo Chaucer akuti ankapita kukachita "brybe". Atafika akuuza mayiyo kuti apereke makobiri 12 kuti mlandu ufe. Mayi akuti alibe. Mthenga akulumbira kuti anyamula chiwaya chake chatsopano. Taonani bwino apa: wochita "bribe" ndi mthenga, wolandayo. Mayi wamasiye sakuchita "bribe" ayi, iye akungolandidwa.

M'zaka za m'ma 1500 zinthu zinatembenuka. Liwu lomwe lija linayamba kunena za woperekayo: "to bribe" kunakhala kupereka kanthu kwa woweruza kapena waudindo kuti akukondere. Umu ndi momwe likumvekera mpaka lero. Akatswiri a zinenero amangoti tanthauzo linasuntha, ndipo n'zoona, matanthauzo amasuntha. Koma ine kusunthaku ndimakuona kolemera. M'nthawi ya Chaucer chala chinkaloza wokhala pa mpando. Patapita zaka zoposa 100, mneni yemweyo anayamba kuloza woima kutsogolo kwa tebulo atagwira chipewa m'manja. Wolandira anafunika mawu owonjezera, "to take a bribe", ngati kuti iye wangopatsidwa. Alipo ndithu olemera amene amagula chilungamo mwa kufuna kwawo, ndipo mneniyu amawayenera. Koma mayi wamasiye uja atapereka makobiri ake lero, Chingerezi chinganene kuti iye ndiye wachita "bribe".

Olandira nawo sanachedwe kupeza liwu lobisalamo, ndilo mphatso. Mu 1621 Francis Bacon, yemwe anali Lord Chancellor, mkulu wa oweruza ku England, anaimbidwa mlandu ndi nyumba ya malamulo. Anavomera kuti ankalandira zinthu kwa anthu amene milandu yawo inali m'manja mwake, koma anaumirira kuti mphatsozo sizinapotoze chigamulo chake. Anamuchotsa pa udindo, kumulipiritsa mapaundi 40,000 ndi kumutsekera mu Tower of London, ngakhale anakhalamo masiku ochepa ndipo Mfumu James I inamukhululukira chindapusacho. Okonda mpira akumbukira kuti mu 1995 timu ya Arsenal inachotsa mphunzitsi wake George Graham chifukwa cholandira mapaundi 425,000 kwa wogulitsa osewera, Rune Hauge. Nayenso anati inali mphatso yomwe sanaipemphe. Nyuzipepala za ku Britain zinkazitcha ndalama zotere "bung", liwu limene m'chinenero cha mbava za m'ma 1500 linkatanthauza kachikwama ka ndalama.

Gulu lina la mawu ndi la mafuta. Kuyambira m'ma 1500 Angerezi akhala akunena "to grease someone's palm", kudzoza chikhatho cha munthu. Ganizo lake ndi la gudumu la ngolo: likauma limalira ndi kukana kuyenda, likathiridwa girisi limatembenuka. Afalansa ndi Ajeremani nawo ali ndi chifanizo chomwechi. Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti chifanizochi chimasandutsa munthu waudindo kukhala makina, ndipo makina sachimwa, amangofuna mafuta. William Shakespeare ndiye anachiona kuchokera mbali ina. Mu sewero la Julius Caesar la mu 1599, Brutus akudzudzula Cassius kuti ali ndi "itching palm", chikhatho choyabwa, chifukwa chogulitsa maudindo. Pamenepa vuto lili m'thupi la wolandira, ngati mphere.

Mafuta ena anachokera pa nyanja. Pa zombo zakale chakudya chachikulu chinali nyama yothira mchere, yosungidwa m'migolo. Wophika akamaiwiritsa, mafuta ankayandama pamwamba, ndipo ankawayengula n'kumawasunga. Mafuta amenewa ankatchedwa "slush". Ena ankapakira zingwe ndi milongoti, otsala ankawagulitsa chombo chikafika padoko kwa opanga makandulo ndi sopo. Ndalama yake sinkalowa m'mabuku a eni chombo, inkagulira amalinyero tinthu tosangalatsa. Imeneyo ndiye inali "slush fund". Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anthu a ku America anayamba kutchula choncho thumba la ndalama lobisika logulira andale. Chomwe chinasamuka kuchoka pa chombo kupita ku ndale si mafutawo, koma kusalembedwa m'buku.

America inaperekanso ena awiri odziwika. "Kickback" ndi gawo la malipiro limene umabwezera amene wakupatsa ntchito kapena kontirakiti. M'zaka za umphawi waukulu za m'ma 1930, makontirakitala omanga za boma ankalipira antchito malipiro oyenera pa pepala, kenako n'kuwauza kuti abweze gawo lina ngati akufuna kubweranso mawa. Nyumba ya malamulo inaletsa zimenezi mu 1934 ndi lamulo lotchedwa Copeland Anti-Kickback Act. Apanso woyamba kuvutika anali wosauka. "Payola" ndi ya pa wailesi: kulipira woulutsa mawu mobisa kuti aziika nyimbo yako. Analumikiza "pay" ndi mathero a mayina a zoimbira monga Victrola ndi Pianola. Nkhaniyi inaphulika mu 1959, inagwetsa woulutsa wotchuka Alan Freed, ndipo mu 1960 lamulo linakhwimitsidwa kuti malipiro otere azilengezedwa poyera.

Ena ndingowadutsa. "Sweetener" n'chotsekemeretsa. "Hush money" ndi yotseka pakamwa. "Backhander" ndi yoperekera kumbuyo kwa dzanja. "Baksheesh" Angerezi anaitola ku Chiperisiya komwe imatanthauza mphatso, ndipo amakonda kuigwiritsa ntchito ponena za ziphuphu za m'mayiko a ena, pomwe zakwawo zili ndi mayina ochuluka chonchi. Ife tikamva wina akuti "kangachepe" kapena "ya fanta" tisayese kuti ndi nzeru yathu yokha. Buledi, vinyo, mafuta, zotsekemera, chakumwa: kulikonse chiphuphu chimabwereka dzina kukhitchini kuti chioneke chaching'ono.

Liwu lomwe linandiimitsa nthawi yaitali m'kabuku kaja ndi latsopano kwambiri, "facilitation payment", malipiro ofewetsa ntchito. Ndi kandalama kopatsa kalaliki kuti adinde chikalata chomwe amayenera kudinda kale. Lamulo la ku America loletsa makampani kupereka ziphuphu kunja, Foreign Corrupt Practices Act la mu 1977 lomwe linakonzedwanso mu 1988, limasiya mpata wa malipiro otere, ndipo maloya ambiri amangowatcha "grease payments", girisi yemwe uja wa m'ma 1500. Lamulo la ku Britain, Bribery Act la mu 2010, silisiya mpata umenewo. Kwa ilo chachikulu ndi chaching'ono zonse ndi "bribe".

Ndinayesa kulemba kuti malipiro ofulumizitsa ntchito, koma nditawerenga mokweza zinamveka ngati ndalama yodulira lisiti pa windo la boma. Ndinayesa kangachepe, ndinaona kuti ndikuthandiza liwulo kubisala. Pomaliza ndinalemba kuti chiphuphu chaching'ono chimene waudindo amafuna asanachite ntchito yomwe amalandirira kale malipiro. Chiganizocho chinatalika, koma mwini kabuku anachivomera, ndipo chinasindikizidwa momwemo.