Mpando wachitatu pa mtsutso wa ku America

Ku America, munthu wofuna upulezidenti yemwe sali wa chipani cha Democratic kapena Republican sapeza mpando mosavuta pa mtsutso wa pa kanema. Nkhaniyi ndi yakale.

Kuyambira 1976 mpaka 1984, mitsutsoyi inkakonzedwa ndi bungwe la amayi la League of Women Voters. Mu 1980 amayiwa anaitana John Anderson, yemwe anaima payekha. Pulezidenti Jimmy Carter anakana kukhala naye pabwalo limodzi, motero Anderson anatsutsana ndi Ronald Reagan awiriwiri ku Baltimore. Zipani zazikuluzo sizinkafuna kuti bwalo likhale ndi mwini wina. Mu 1987 apampando awo, Frank Fahrenkopf ndi Paul Kirk, anakhazikitsa bungwe latsopano lokonza mitsutsoyi, lotchedwa Commission on Presidential Debates, ndipo chaka chotsatira amayi aja anasiya kukonza mitsutsoyi, nati sangathandize nawo kupusitsa ovota.

Ross Perot, yemwe anaima payekha, analoledwa kulowa mu mtsutso mu 1992, ndipo pachisankho anapeza mavoti pafupifupi 19 pa 100 alionse. Mu 1996 anamutsekera chitseko. Pofika 2000 bungwe latsopanolo linaika lamulo loti woitanidwa akhale ndi anthu 15 pa 100 omutsatira pa kafukufuku asanu a dziko lonse. Apa mpamene pagona vuto: munthu atchuka bwanji anthu asanamumve akuyankhula? Chaka chomwecho Ralph Nader wa chipani chaching'ono cha Green anabwezedwa pakhomo pa malo a mtsutso ku Boston, tikiti yongokaonerera ili m'manja. Mu 2012 Jill Stein wa chipani cha Green anamangidwa poyesa kulowa pa Hofstra University, pomwe pankachitikira mtsutso.

Kukhoti nako sikunawayendere otsekeredwa kunjawa. Mu 1998, pa mlandu wa Ralph Forbes wa ku Arkansas, khoti lalikulu linagamula kuti ngakhale kanema wa boma akhoza kusiya woima payekha, bola chifukwa chake chisakhale kudana ndi maganizo ake. Chodabwitsa n'chakuti mbali zonse zimatsamira pa ufulu umodzi. Zipani zing'onozing'ono zimati ufulu wosonkhana ndi kupanga chipani ndi wachabe ngati ovota sakumva mawu awo. Bungwe la Commission lija limati silili la boma, choncho ufulu womwewo umalilola kusankha woti likhale naye.

Mu 2024 Joe Biden ndi Donald Trump analambalala bungwelo n'kugwirizana ndi CNN. Lamulo la 15 pa 100 anapita nalo komweko, ndipo Robert F. Kennedy Jr., yemwe anaima payekha, anatsala kunja.