Nkhope ya munthu pa chithunzi ndi dzuwa la m'Chigwa cha Shire

Achinyamata a ku Nchalo, ku Ngabu ndi ku Bangula amene ayamba kujambula zithunzi pa zinkhoswe ndi pa maukwati amanditumizira ntchito zawo pa WhatsApp, ndipo funso lawo silisintha: "Achimwene, chithunzichi mukuchiona bwanji?" Ndimakondwera nalo funsoli, pakuti safunsa anadya phula. Chimene chimandivuta n'chakuti ambiri amatumiza chithunzi chimene achikonza kale pa foni mpaka khungu lasalala ngati la chidole, motero cholakwika chenicheni, chimene chinachitika pa nthawi yojambula, chimakhala chitakwiririka.

Zolakwika zambiri zimene ndimaziona zimachokera ku dzuwa. Chigwa chathu chili pa madigiri 16 mpaka 17 kumwera kwa ikweta, kotero kuti kawiri pa chaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale, dzuwa la masana limafika paliwombo penipeni ndipo mthunzi wa munthu umagwera kumapazi kwake. Kuwala kochokera pamwamba chotero kumasiya mdima m'maso, pansi pa mphuno ndi pansi pa chibwano, pamene chipumi chimanyezimira ndi thukuta, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene kutentha kuno kumatha kupitirira madigiri 40. Wojambulidwa amatsinzina, nkhope imachita tsinya, ndipo palibe pulogalamu ya pa foni kapena pa kompyuta imene ingabwezeretse maso amene kamera sinawaone.

Mfundo yofunika kuigwira ndi yakuti kuwala kumafewa pamene kukuchokera pa malo otambalala amene ali pafupi ndi munthu, ndipo kumauma pamene kukuchokera pa kanthu kakang'ono. Dzuwa ndi lalikulu, koma poti lili kutali limagwira ntchito ngati kanyali kamodzi kowala kwambiri, ndipo fulashi ya pa kamera imachitanso chimodzimodzi. N'chifukwa chake ine ndimaimika munthu m'mphepete mwa mthunzi wa khonde, nkhope italoza kunja kumene kuli thambo, kuti kuwala kumufike kuchokera mbali yonse ya kutsogolo. Pansi pa mtengo wa mango pamakopa chifukwa pamazizira, koma masamba amadontheza mawanga a dzuwa pa nkhope ndiponso amapatsa khungu kamtundu kobiriwira. Ngati mbali imodzi ya nkhope yada kwambiri, nsalu yoyera kapena katoni yomatidwa pepala loyera, itagwiridwa ndi mnzanu chapafupi, imabwezera kuwala kokwanira. M'nyumba, zenera limodzi ndi lokwana: munthu akhale chopendekera kwa ilo, mpaka pa tsaya la kumthunzi paoneke kachigamba kowala ka makona atatu pansi pa diso. Ojambula amatchula kaunikidwe kameneka ndi dzina la Rembrandt, katswiri wa zojambula pamanja wa ku Netherlands amene anamwalira mu 1669. Amene akugwiritsa ntchito nyale akumbukire kuti akaisuntha kuchoka pa mita imodzi kufika pa mamita awiri, kuwala kofika pa nkhope sikutsala theka, koma gawo limodzi mwa magawo anayi.

Pali nkhani ina imene imatikhudza ife eni khungu lakuda, ndipo ndimafuna wojambula aliyense aimvetse. Kamera ikamadzisankhira yokha kuchuluka kwa kuwala, imayesetsa kuti chithunzi chonse chikhale chapakatikati, chosawala kwambiri ndiponso chosada kwambiri. Mkwatibwi akavala diresi loyera, kamera imaona kuyera kochuluka n'kuchepetsa kuwala, ndipo nkhope yake imamira mu mdima. Vutoli ndi lakale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, malo otsukira zithunzi ankayezera mitundu pa khadi la kampani ya Kodak lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, ndipo makhadi oonetsa anthu a khungu losiyanasiyana anadzafala patapita zaka zambiri. Mankhwala a vuto la nkhope yomira mu mdima ndi kuyezera kuwala pa nkhope, pogunda nkhopeyo pa sikirini ya foni kapena powonjezera kuwala pang'ono pa kamera, kenaka n'kuyang'anitsitsa kuti diresi lisayere mpaka maluwa ake kusowa. Khungu lakuda limaoneka bwino chifukwa cha kunyezimira kofewa kwa pa masaya, pa mphuno ndi pa chipumi, kumene kumaonetsa maumbidwe a nkhope. Thukuta lochuluka lipukutidwe ndi kansalu musanajambule, koma kunyezimira konse kusafufutidwe pokonza, chifukwa nkhope imasanduka yaphwatalala ngati khoma.

Pa kakonzedwe ka chithunzi, kaya ndi pulogalamu ya Snapseed, Lightroom kapena Photoshop, ine ndimatsata muyezo umodzi: chimene chidzachoke chokha pa thupi m'masabata awiri chikhoza kuchotsedwa, monga chiphuphu, fumbi la mumsewu pa jekete kapena ulusi wolendewera. Chimene ndi gawo la munthuyo chisiyidwe, pokhapokha iye mwini atapempha. Makwinya a agogo, mphini, chipsera cha ubwana ndi mpata wa pa mano ndi zimene abale amamudziwira nazo. Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi kuyeretsa khungu. Ndinaonapo chithunzi cha mtsikana amene nkhope yake inayeretsedwa pamene khosi ndi manja zinatsala mu mtundu wake weniweni, ndipo mayi ake atachilandira anachiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu. Mafoni ena amachita zimenezi okha pa kamera ya kutsogolo, choncho ndi bwino kuzimitsa zosalalitsa nkhope musanayambe ntchito. Musakonzerenso chithunzi panja pa dzuwa, chifukwa sikirini imaoneka yakuda ndipo mumawonjezera kuwala kopitirira muyezo.

Tsono pofuna maganizo a wojambula mnzanu, tumizani zithunzi ziwiri, chosakonza ndi chokonza, ndipo muzitumize ngati dokyumenti, popeza WhatsApp imachepetsa chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse mpaka tsatanetsatane wa khungu saonekanso. Nenani nthawi imene munajambula, kumene kuwala kunkachokera, ndi chimene munkafuna kuonetsa. Funso likhale lolunjika: "Ndinajambula cha m'ma 4 koloko madzulo pa khonde loyang'ana kumadzulo, kodi mthunzi wa kumanzereku wanyanya?" Funso lotere ndimatha kuliyankha ndi malangizo oti mukayese mawa lomwe. Anzanu akangolemba kuti "zabwino kwambiri, bwana", athokozeni, koma mufunefune mmodzi amene angakulozereni pamene pakuvuta ndi chifukwa chake, ndipo musathamangire kudziteteza asanamalize kulankhula. Mukamva maganizo osemphana, bwererani pa khonde lomwelo ndi munthu yemweyo, musinthe chinthu chimodzi chokha, kenaka muyerekeze zithunzizo.

Musanaike nkhope ya munthu mu gulu kuti anthu aikambirane, mupempheni kaye chilolezo, ndipo ngati ndi mwana mupemphe kwa makolo ake, chifukwa ndemanga zokhudza kuwala zimatha kusanduka ndemanga zokhudza maonekedwe a munthuyo, ndipo m'matauni athu ang'onoang'ono mawu oterewa amamufika tsiku lomwelo.